Akonzi, nkhani za kuchipatala muzizifikitsa kumapeto

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa tsamba lanu la makalata. Ndine mayi wa zaka 63, mphunzitsi wa pulayimale wopuma pantchito, ndipo kwathu kuno wina akadwala ndine amene amandithamangira kuti ndikakhale gadiyani. Ndagona pasimenti m'makhonde a zipatala kambirimbiri. Ndaphika phala la wodwala pa mafuwa a kukhitchini ya magadiyani utsi uli tolotolo, ndachapa zitenje zamagazi mbandakucha anthu asanadzuke. Za kuchipatala ndimazidziwira pansi, pomwe timakhala ife odikirira odwala.

Masabata apitawa ndinawerenga nkhani ya banja lina lomwe likudandaula kuti m'bale wawo anamwalira chifukwa chonyalanyazidwa pachipatala. Munalemba bwino, kulira kwa abale kunamveka. Koma nkhaniyo inathera pomwe zimathera zinzake zonse: mneneri wa chipatala sanayankhe foni, akuluakulu ati akufufuza. Ndinapinda nyuzipepala ija ndikudziwiratu kuti mapeto ake sindidzawawerenga. Anafufuzadi? Anapeza chiyani? Alipo amene anapezeka wolakwa, kapena matenda anali atafika kale poti munthuyo sakanachira? Inu mumapita ku nkhani ina, ife mumatisiya ndi theka, ndipo theka limenelo ndi limene limagona m'mitu ya anthu zaka ndi zaka.

Mwina ku ofesi kwanuko simudziwa mmene nkhani yanu imayendera ikafika kumudzi. Nyuzipepala imafika imodzi, kwa ahedi kapena kwa abusa. Mnyamata wina amajambula mutu wa nkhani ndi foni n'kuponya pa gulu la WhatsApp. Pagulupo ambiri amangowerenga zilembo zikuluzikulu zapamwamba zija basi. Wina amajambula mawu ake kufotokozera amene sadziwa kuwerenga, ndipo uthengawo umadumpha mafoni khumi dzuwa lisanalowe. Pofika kumjigo m'mawa mwake, timawu tanu tosamala tija, “akuti”, “akuganiziridwa”, “malinga ndi abale”, tagwera m'njira. Dzina la chipatala nalonso lasowa. Chatsala n'chakuti kuchipatala akupha anthu. Chipatala chiti? Chilichonse, kuphatikizapo chathu chaching'ono chino, chomwe namwino wake sanalakwirepo munthu.

Ndikulemba izi mtima ukuwawa, chifukwa inenso ndinafalitsapo theka la nkhani ndi pakamwa panga, ndipo ndinaona kumene linakathera.

Mu 2018 mwana wa mng'ono wanga, amene ndimamutenga ngati wobala ndekha, anali woyembekezera kachiwiri. Anali ndi zaka 24. Kusikelo sanaphonyepo, ndipo mwezi wake utakwana tinapita kuchidikiro monga amatilangizira. Matenda atayamba mwana sanatsike, ndiye anatitumiza pa ambulansi ku chipatala chokulirapo komwe anamuchita opaleshoni. Mwana anatuluka wamoyo, wamwamuna, ndipo ndinaimba foni kumudzi kuti aphe nkhuku. Tsiku lachitatu thupi la mayi linayamba kutentha. Lachinayi mimba inatupa, pabala panayamba kuchucha madzi onunkha. Ndinauza namwino wausiku, iye anati adokotala adzaona m'mawa. M'mawa anabweradi ambiri ovala zoyera, akulankhulana Chingerezi pamwamba pa bedi, koma palibe amene anatembenuka kundiyang'ana. Sabata imeneyo pampopi wa m'wodi sipanatuluke madzi masiku awiri, ndipo magadiyani ndife tinkatunga panja m'zidebe.

Usiku wa tsiku lachisanu ndi chimodzi anandidzutsa pakhonde. “Gadiyani wa bedi ili ndani? Sayinani apa, tikubwerera naye ku fiyeta.” Ndinafunsa kuti akukatani naye. Anandiyankha kuti, “Mayi, nthawi palibe. Mukufuna achire kapena ayi?” Papepalapo panali liwu lalitali la Chingerezi cha madokotala limene sindinakumanepo nalo zaka zonse za uphunzitsi wanga. Ndinasayina dzanja likunjenjemera.

Zoti amuchotsa chiberekero tinazimva patapita masiku awiri, kwa mayi wokolopa m'wodi. Anaimitsa mopu, n'kundiyang'ana mwachifundo, amvekere, “Pepani amayi, poti khandali lili moyo, angothokoza Mulungu ndi awiri omwewa.” Ndinamufunsa kuti akutanthauza chiyani. Mayi uja anagwira pakamwa atazindikira kuti sitikudziwa kanthu. Mwana wanga anali maso, anamva zonse. Anatembenukira kukhoma, ndipo tsiku limenelo anakana kuyamwitsa.

Titabwerera kumudzi, akuchimuna anayamba kunena kuti chiberekerocho achipatala anachigulitsa. Ena ankati ine ndinadyapo, poti ndine ndinasayina. Mkamwini wathu anapirira chaka chimodzi, kenako ananyamula zovala zake n'kukakwatira kwina. Ine mkwiyo wanga ndinkauthira paliponse pomwe pakhala amayi: kumjigo, kuchigayo, pamaliro tikusenda masamba, ngakhale pamsonkhano wa amayi a mpingo. Ndinkati, “Kumeneko musamapiteko ndi mimba, amangochotsa ziberekero osafunsa.” Anthu ankandimvera, poti ndine mphunzitsi, ndiponso ndinali komweko.

Patatha miyezi isanu ndinamuperekeza mwana wangayu ku chipatala china chaching'ono chifukwa cha kupweteka kwa m'chiuno. Amene tinamupeza m'chipindamo anali mnyamata, clinical officer. Anatsegula buku lakuchipatala lija, n'kuwerenga tsamba ndi tsamba, kenako anatifunsa ngati alipo amene anatifotokozerapo chimene chinachitika. Titati ayi, anatseka chitseko, ngakhale panja panali mzere wautali. Anatenga cholembera n'kujambula chiberekero kuseri kwa pepala. Anationetsa pomwe anacheka potulutsa mwana, n'kutiuza kuti pabala lam'katilo panalowa tizilombo, mnofu unayamba kuwola, mafinya anadzadza m'mimba, ndipo poizoni wake anali atayamba kulowa m'magazi. Anati zikafika pamenepo chiberekero sichisokeka, ndipo akanachisiya tikanaika maliro sabata yomweyo.

Ndinamufunsa kuti, “Nanga akanamuona tsiku lachitatu lija pomwe ndinkadandaula? Nanga madzi akanakhalapo m'wodi?” Anakhala chete kanthawi. Kenako anati, “Mayi, funso limenelo ndi loyenera, ndipo muli ndi ufulu wokalifunsa.” Anatiuza komwe tingakadandaule. Zonsezi zinatenga mphindi khumi zokha. Mphindi khumi zimenezo akanatipatsa usiku uja kapena m'mawa mwake, mwana wanga sakanamva za thupi lake kwa munthu wogwira mopu, ndipo ine sindikanayenda mudzi wonse ndi nkhani yoduka.

Mpaka lero ndimakhulupirira zinthu ziwiri pa nkhani yathuyi. Opaleshoni yachiwiri ija inapulumutsa moyo wake. Komanso panali kuchedwa ndi uve zomwe sizinayenera kukhalapo. Ziwirizi zimayendera limodzi, ndipo amene anena chimodzi chokha wanama. Ine ndinali nditanena chimodzi chokha. Chondipweteka kwambiri n'chakuti nditamva mbali inayo sindinabwerere kumjigo kukakonza. Mkwiyo unali usanathe, ndiponso manyazi anandigwira.

Mu 2019 ofesi ya Ombudsman, yomwe imafufuza madandaulo a anthu pa maofesi a boma, nthawi imeneyo ikutsogoleredwa ndi Mayi Martha Chizuma, inatulutsa lipoti la kafukufuku wake pa nkhani yomweyi ya amayi ochotsedwa ziberekero m'zipatala za boma. Nditamva pa wailesi ndinalira, chifukwa ndinadziwa kuti sitinali tokha, ndiponso kuti wina wamkulu wafunsa mafunso amene ine ndinalephera kufunsa. Atolankhani ndinu amene munaiika nkhaniyi poyera, ndipo pa chimenecho ndikukuthokozani ndi mtima wonse. Musaganize kuti ndikukupemphani kuti muzibisa zolakwa za m'zipatala. Popanda inu ambiri a ife tikanangofera m'kati ngati nkhuku yodwala chitopa. Koma tamverani zimene zinafika kumudzi kuno. Zoti amayi ambiri amachotsedwa chiberekero chifukwa cha matenda olowa pabala, zoti m'zipatala muli kuchepa kwa ogwira ntchito ndi zipangizo, zoti unduna unauzidwa zoti ukonze, zonsezi zinatsalira m'tawuni. Kuno kunafika chiganizo chimodzi: “Mwamva? Ngakhale pa wailesi anena, akuchotsa ziberekero.” Ndipo anthu ankanditchula ine ngati mboni.

M'mudzi mwathu munali mayi wina wa ana anayi, wolimbikira kumunda, wosayambana ndi munthu. Chakumapeto kwa chaka chomwecho anali ndi mimba yachisanu. Mlangizi wa zaumoyo anamuyendera kawiri kumuuza kuti mimba yachisanu si yoberekera pakhomo, apite kuchidikiro nthawi ikadalipo. Anakana. Ine ndinamumva ndi makutu anga akunena kumjigo kuti, “Akandichotse ngati mwana wa aphunzitsi uja? Ndabereka anayi, wachisanu andivuta chiyani?” Ndinali pomwepo, ndowa ili pamutu. Ndikanatha kutula ndowayo n'kumuuza zimene clinical officer uja anatijambulira. Sindinatero.

Matenda anamuyamba usiku, mvula ikugwa. Mwana anabadwa bwinobwino m'nyumba, koma nsengwa inakana kutuluka ndipo magazi sanaleke. Pomwe amuna ankamanga ng'ombe pangolo n'kuti chitenje chachitatu chitanyowa. Ndinakwera nawo ngoloyo, mutu wake uli pamiyendo panga. Tinawoloka dambo matope akufika m'mawondo a ng'ombe, ndipo tisanafike pamsewu waukulu anasiya kuyankha. Tinatembenuza ngolo.

Pamaliro pake ena anati ndi chifuniro cha Mulungu, ena ananong'onezana za ufiti. Palibe mtolankhani anabwera, palibe gulu la WhatsApp linatumizirana chithunzi, palibe amene anafuna chipukutamisozi, poti wosumiridwa panalibe. Imfa ya pangolo siikhala nkhani. Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse, akonzi: munthu akafera m'manja mwa achipatala dziko lonse limamva, koma akafera m'njira chifukwa choopa chipatala amamva ndi a m'mudzi okha. Choncho sikelo ya m'mitu ya anthu imapendekera mbali imodzi nthawi zonse. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wanga ndinaupeza pangolo usiku umenewo. Mwana uja analeredwa ndi agogo ake, ndipo pano ndimamuona akudutsa pakhomo panga popita kusukulu.

Kuti amayi a dziko lino ayambe kuberekera kuchipatala sinali ntchito yamasewera. Ife akale tikukumbuka nthawi yomwe kuchira kunali kwa azamba, kuseri kwa nyumba. Kafukufuku wa boma wa 2004 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 984 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Pofika kafukufuku wa 2015 ndi 2016 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 439, ndipo amayi 91 mwa 100 alionse ankaberekera kuchipatala. Pakati pamenepa pali kuletsedwa kwa azamba kubereketsa mu 2007, pali mafumu ngati Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu amene anayenda m'midzi kulalikira uchembere wabwino, pali alangizi a zaumoyo amene anatha matayala a njinga, pali mbuzi ndi nkhuku zomwe mabanja analipira kwa amfumu chifukwa choberekera pakhomo. Chindapusa chimakankha munthu kufika pageti la chipatala, koma chomwe chimamulowetsa m'kati ndi kukhulupirira kuti akatulukamo wamoyo ndiponso wathunthu. Chimenecho chikasweka, mbuzi siiopsanso munthu. Mayi uja anali wokonzeka kulipira mbuzi.

Taonanso poyera mmene zimakhalira anthu akasiya kukhulupirira ovala zoyera. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje, n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre. Anthu anaphedwa popanda mlandu, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena, ndipo azaumoyo ankaopa kulowa m'midzi atanyamula zipangizo zawo. Mliri wa kolera womwe unayamba mu Malichi 2022 unatenga miyoyo yoposa 1,700, ndipo m'kati mwa mliriwo, kumayambiriro kwa 2023, anthu okwiya anaphwanya chipatala cha Area 25 ku Lilongwe ndi cha Nandumbo ku Balaka pokayikira ogwira ntchito pa nkhani ya odwala kolera. Kuphwanya chipatala ndi kulakwa kwakukulu, ndipo amene anavutika pambuyo pake ndi amayi apakati ndi ana a m'madera omwewo. Koma musathamangire kunena kuti ndi umbuli basi. Taganizani: m'bale wanu walowa m'tenti dzulo akuyankhula, lero akukupatsani thupi lokulungidwa m'pulasitiki, akuti musalisambitse, musalitsegule, muike lero lomwe. Zifukwa zake zilipo ndipo n'zomveka, poti thupi la womwalira ndi kolera limapatsira matenda. Koma ngati palibe amene wakhala nanu pansi kukufotokozerani, ndipo m'mutu mwanu muli kale nkhani khumi zoduka za achipatala olakwira anthu osalangidwa, mphekesera ikabwera imapeza mphasa yoyala kale.

Nthawi ya COVID-19 zinali chimodzimodzi. Anthu atamva za K6.2 biliyoni yolimbanira ndi matendawa yomwe sinayende bwino, ambiri kuno anati matendawa ndi bizinesi, ndipo amene anasenza mawu amenewo ndi namwino wa pachipatala chathu, yemwe sanaonepo ngakhale tambala ya ndalamazo. Koma nthawi yomweyo panachitika chinthu chimodzi chomwe ndinachiyamikira. Mu Meyi 2021 boma linawotcha poyera katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 yemwe anali atatha mphamvu, atolankhani akuona. Amayi ena amene ankati tibayidwa katemera wowola anaona chithunzi chimenecho, ndipo angapo anapita kukabayitsa. Anaona nkhani ikufika pamapeto ndi maso awo.

Ndili ndi dandaulo linanso pa kalembedwe. Kumudzi aliyense wovala gawuni yoyera ndi adokotala, kaya ndi dokotala weniweni, clinical officer, medical assistant, wa ku labu, ngakhale wopereka mankhwala pawindo. Inu mukalemba kuti “dokotala”, fotokozani kuti ndi uti, chifukwa aliyense ali ndi malire a ntchito yake, ndipo nthawi zina cholakwa chimakhala chakuti munthu anasiyidwa yekha kugwira ntchito yoposa maphunziro ake. Komanso m'Chichewa chathu muli mawu osiyana omwe mumawaphatikiza ngati amodzi. Kunyalanyaza ndi kwina: namwino ali pa foni mayi akuitana. Kulakwitsa ndi kwina: munthu wayesetsa koma waphonya. Kusowa zipangizo ndi kwina: magazi mulibe, mafuta a ambulansi atha, magetsi azima opaleshoni ili m'kati. Ndiye pali matenda kungokula, komwe ngakhale chipatala chodula chotani sichikanathandiza. Banja lomwe laferedwa silingasiyanitse zimenezi tsiku la maliro, ndipo sindingaliimbe mlandu. Kusiyanitsako ndi ntchito yanu, ndipo simungaimalize tsiku limodzi. N'chifukwa chake nkhani yotere imafuna kubwererako.

Kodi mukudziwa kuti anthu ambiri kuno sadziwa n'komwe kuti kuli kokadandaula? Ine, mphunzitsi, ndinadziwa mwana wanga atavulala kale. Kuli Medical Council of Malawi, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, imene imalembetsa madokotala ndi ma clinical officer ndipo ili ndi mphamvu yowalanga ngakhale kuwaletsa kugwira ntchito. Kuli Nurses and Midwives Council of Malawi ya anamwino ndi azamba a m'zipatala. Kuyambira 2018 m'zipatala za boma munaikidwa anthu olandira madandaulo, omwe amatchedwa Hospital Ombudsman, ngakhale anthu ambiri amawakayikira poona kuti amagwira ntchito pamalo pomwepo ndi amene akudandauliridwawo. Kuli ofesi yaikulu ya Ombudsman, kuli makhothi. Ngakhale Chipatala cha pa Foni chimathandiza munthu kufunsa za matenda ake kwa azaumoyo mosaopa kukalipiridwa. Bwanji pansi pa nkhani iliyonse ya mkangano wa kuchipatala osaikapo mizere itatu yonena komwe munthu angapite? Amene akudziwa khomo logogoda satola mwala.

Ndiponso mabungwe amenewa akagamula mlandu, chigamulocho chizifika kwa ife m'Chichewa. Ngati namwino walangidwa, tiuzeni, kuti tidziwe kuti kulakwira wodwala kuli ndi malipiro ake. Ngati wapezeka wosalakwa, tiuzeninso, pa tsamba lomwelo ndi zilembo zazikulu zomwezo zimene munalembera tsiku lomuneneza, chifukwa munthuyo ali ndi ana omwe amapita kusukulu n'kumatchedwa ana a wakupha. Ngati khothi lalamula boma kupereka chipukutamisozi, tsatirani ngati chinaperekedwadi. Ngati akuluakulu akukana kutulutsa zotsatira za kafukufuku, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Ligwiritseni ntchito, ndipo akakana lembani kuti akana, mwezi ndi mwezi, mpaka atope.

Kwa inu a m'zipatala, poti ndikudziwa kuti mumawerenga tsamba lino, ndili nanu mawu. Ndakuonani mukugwira ntchito. Ndinaonapo namwino mmodzi usiku ali ndi amayi atatu m'leba, wina akukankha, wina akutaya magazi, wina akukomoka, iye akuthamanga pakati pawo tochi ya foni ili kukamwa. Amene anaona zimenezo sangakunyozeni mwachisawawa. Ndikudziwanso kuti nkhani ikatuluka mumaopa kuyankhula, mwina poopa mabwana, mwina poopa maloya, mwina posunga chinsinsi cha wodwala. Koma foni ya mneneri ikamangoitana osayankhidwa, kumudzi timamva kuti mwavomera mlandu. Ndipo nkhani zambiri zimene zimafika ku nyuzipepala zimayambira pakhonde, pomwe gadiyani wafunsa funso n'kuyankhidwa kuti, “Ndinu adokotala inu?” Gadiyani ameneyo ndi amene akanyamule nkhani kupita nayo kumudzi. Ndi wailesi ya mudzi wonse. Mukamusiya wopanda yankho akapeka lake, kapena akatola la mayi wokolopa. Mawu akuti pepani, tinachedwa, sanaphepo munthu. Ine akanandiuza mawu amenewo ndikanalira, mwina ndikanakalipa, koma sindikanauza amayi anzanga kuti asamapite kuchipatala.

Chaka chatha ndinapempha mpata pamsonkhano wa mudzi. Ndinaimirira pamaso pa amfumu, amayi ndi abambo, n'kufotokoza nkhani ya mwana wanga kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, iye mwini atandilola. Ndinajambula pansi ndi kamtengo chithunzi chomwe clinical officer uja anatijambulira. Ndinanena za madzi omwe kunalibe, za namwino amene anati tidikire m'mawa, za pepala lomwe ndinasayina osalimva. Ndinanenanso kuti popanda mpeni wachiwiri uja bwenzi pano tikulima pamanda pake. Kenako ndinatchula mayi uja wa pangolo, n'kupepesa kwa amayi ake omwe anakhala kutsogolo. Sanandiyankhe, anangoweramitsa mutu. Msonkhano utatha amayi awiri apakati ananditsatira kundifunsa kuti akafika kumeneko azifunsa mafunso otani, ndipo ngati pepala sakulimva angakane bwanji kusayina mpaka awamasulire. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kupendeka.

Ine ndinachedwa zaka zingapo kumaliza nkhani yanga, ndipo mawu anga amafika mudzi umodzi. Anu amafika dziko lonse. Wakutsina khutu ndi mnansi, akonzi. Pempho langa ndi ili: sankhani mtolankhani mmodzi, mumupatse kope, alembemo nkhani iliyonse ya madandaulo a kuchipatala yomwe mwasindikiza, tsiku lake ndi lonjezo lomwe akuluakulu anapereka. Pakatha miyezi itatu abwerereko, pakatha isanu ndi umodzi abwererekonso. Muyambe ndi banja lija munalilemba masabata apitawa. Mukafunse ngati thupi linapimidwa ndipo anapeza chiyani, ngati abale anaitanidwa kukamva zotsatira, ndiponso ngati ogwira ntchito amene anali pa wodi usiku umenewo anapatsidwa mpata wonena mbali yawo. Mwezi wamawa ndikuperekeza mdzukulu wa mnansi wanga kuchidikiro, mimba yoyamba, ndipo amayi ake andifunsa kale kawiri za nkhani imeneyo. Ndawauza kuti ndalembera akonzi, tidikire yankho.

Ndine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito, kumudzi